Chimbale tizimvera chonse, osamangotola nyimbo imodzi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yathuyi ndiyankhuleko za nyimbo. Ndikudziwa kuti makalata ambiri masiku ano ndi a mitengo ya zinthu ndi ndale, koma nkhani iyi yandikhala pamtima kuyambira mwezi wa June ndipo ndalephera kungoisunga.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la shopu ina ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Malume anga, asibweni monga timanenera kuno, anatisiya chaka chatha. Anali dalaivala wa thiraki zaka zambirimbiri, Dar es Salaam, Lusaka, Harare, Joni, konseko anapondako, ndipo paliponse pomwe aima amagula kaseti. Pogawana katundu ena anatenga njinga, ena malata, koma katoni ya makaseti ndi ma CD palibe anaiyang'ana kawiri, nde ndinanyamula ine pamodzi ndi wailesi yawo yakale ija yokhala ndi chogwirira pamwamba. Zinakhala kunsi kwa bedi miyezi ingapo. Mu June muja kutayamba kuzizira, mukukudziwa kuzizira kwa Mzuzu, nkhungu mpaka 9 koloko, kamvula kowaza kosatha kaja, makasitomala osabwera, ndinaitulutsa katoni ija n'kupita nayo kuntchito, n'kudziikira lamulo limodzi basi, loti tsiku lililonse chimbale chimodzi, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha olo itandibowa bwanji, osasankhanso chamba. Ndimangopisa dzanja osayang'ana, chomwe ndagwira ndi chomwecho.

Choyamba kugwira chinali Son of a Poor Man, chimbale choyamba cha Lucius Banda. Nyimbo zina za mmenemo ndazimva kuyambira ndili mwana, m'maukwati ndi m'mabasi, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti chimbalecho pachokha ndinali ndisanachimverepo olo kamodzi. Ukamazimvera motsatana umamva mpweya wa nthawi ija, dziko litangovota pa riferendamu ya 1993 likulowa zisankho za 1994, anthu akuyamba kumene kunena mokweza zinthu zomwe kale ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Mawu ake ndi a mnyamata, sanakhwime ngati mmene tinawazolowerera pambuyo pake, koma mantha mulibe. Soja, monga timamutchulira Lucius, anatisiya mu June 2024, ndipo zinandikhudza kuti ndamumvera bwinobwino ulendo wake woyamba iye atapita kale.

Ndinenenso chilungamo apa, si zonse za kwathu zomwe zinandikomera. Mu katoni muja muli makaseti angapo a chamba cha ku Balaka a oimba ena omwe sindiwatchula, omwe ng'oma yake ya pa kiyibodi ndi imodzimodzi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka ya nambala 10, amangosintha mawu basi. Ukamva nyimbo imodzi pa wailesi umati mwamuna uyu amatha, koma ukamvera zonse nde umaona kuti anali ndi nyimbo ziwiri zokha, zinazo anangodzazitsira tepi. Pa ntchito yathu ya utelala munthu wodziwa akafuna kuona ngati unasoka bwino sayang'ana kutsogolo kwa malaya, amawatembenuza n'kuona msoko wa mkati. Nyimbo ya nambala 7 kapena 8 ndi msoko wa mkati umenewo, pamenepo woimba sangabise.

Kuimba 1 cha Evison Matafale chinapirira mayeso amenewo. Munthu amene uja amaimba ngati akukudzudzula koma uku akukugwira paphewa, ndipo palibe nyimbo yomwe ndinamva kuti iyi anangoikamo. Anamwalira mu November 2001 atangotulutsa zimbale ziwiri zokha, ndipo ndimawalemekeza a Black Missionaries a ku Chileka chifukwa sanataye dzina la Kuimba, anapitiriza kumaika manambala, ngati kunena kuti buku ndi lomwe lija tikungotsegula tsamba lina.

Koma tsiku lomwe sindidzaiwala ndi lomwe ndinagwira Zani Muwone cha Wambali Mkandawire, cha 2002. Ndinali ndi oda ya mayunifomu a sukulu, masiketi khumi ndi awiri ofunika Lachisanu, mwendo uli pa chopalasira ndikuthamangitsa ntchito. Sindikudziwa kuti ndinasiya nthawi yanji kupalasa. Ndinangozindikira nsalu ili pansi pa singano osayenda, ine manja ali pamiyendo. A Mkonzi, ine Chitumbuka ndimachimva tsiku lililonse, pa msika wa Taifa, pa depoti, kwa akabaza, moti khutu linazolowera mpaka kusiya kuchimva kukoma kwake, koma munthu uyu anachitenga n'kuchikhazika pakati pa malipenga ndi magitala ojambulidwa mwaukhondo ngati za kunja, osachichepetsa olo pang'ono, ng'oma zake ine ndimamvamo magule a kwathu kumpoto kuno, ndipo mawu ake aja okhuthala amatha kutsika mpaka pansi kenako n'kukwera mwadzidzidzi ngati munthu akuitana mnzake kutsidya la mtsinje. Kunabwera amama ena achikulire kudzatenga chilundu chawo chomwe ndinawapindira, ndinawapatsa, analipira, koma sanapite. Anakhala pa benchi jumbo ili pamiyendo. Nyimbo itatha anandifunsa mu Chitumbuka kuti mwanangu ameneyu ndi ndani, nditawauza kuti ndi Wambali wa ku Mlowe ku Rumphi anangogwedeza mutu n'kuti musazimitse. Tinamvera limodzi mpaka chimbale chinatha, osayankhulana, kenako anadzuka n'kumapita mu kamvula kaja. Wambali anatisiya mu January 2021. Ndimadzifunsa kuti ana angati a mu Mzuzu muno, mzinda womwe chiyankhulo chake anachinyamula mpaka kunja, anamverapo chimbale chimenechi chonse. Masiketi aja ndinamalizira usiku ndi nyali.

Tsopano za kunja. Tsiku lina dzanja linagwira CD yolembedwa Kind of Blue, ya Miles Davis, ya 1959. Jazi. Nyimbo zisanu zokha, mawu mulibe. Tsiku loyamba ndinakwiya nayo, ndimangodikira kuti ayamba liti kuimba anthu amenewa, mpaka CD inatha palibe anatsegula pakamwa. Ndinati basi ndakwaniritsa lamulo, iyi ibwerere mu katoni. Koma patapita sabata magetsi anathima tsiku lonse, mvula ikugwa pa malata, ndinaika mabatire mu wailesi ndipo kaya chinandituma ndi chani ndinaiyikanso. Ulendo uno ndinasiya kudikira mawu. Nde ndinayamba kumva kuti anthuwa akucheza, wa lipenga ayankhula zake modekha osathamanga, amaliza, wa sakisofoni alandira n'kunena zake zambirimbiri ngati munthu wodzadza nkhani, wina ayankhapo, wa piyano amangovomera pang'onopang'ono chapansipansi, ndendende mmene akuluakulu amachitira pabwalo la milandu, aliyense nthawi yake, osalandana mawu. Ndipo besi ija imayenda mofanana ndi mwendo wanga pa makina, mpaka msoko umawongoka wokha. Pano ndi CD yomwe ndimaika ndikamadula nsalu yodula mtengo, yomwe sindikufuna kulakwitsa olo ka inchi. Chikhala kuti munthu anangonditumizira ka chidutswa kake pa WhatsApp bwenzi nditafufuta pompo.

Kaseti inandiphunzitsanso chinthu china chomwe ana a pa foni sangachidziwe, nkhani ya mbali ziwiri, side A ndi side B. Exodus cha Bob Marley cha 1977 anachijambula ku London atathawa kwawo ku Jamaica, anthu atamuwombera mu December 1976. Mbali yoyamba ndi yolemera, za Mulungu, za anthu oipa, za ulendo wa mtundu wa anthu, umamva kuti munthuyu ali ndi bala. Kenako wailesi imati thwa, tepi yatha, umadzuka, kutulutsa, kutembenuza, kubwezeramo, ndipo mbali yachiwiri imakulandira ndi za chikondi ndi kukhazika mtima pansi, ngati munthu yemwe walira mokwanira wasamba kumaso. Nyimbo za mbali yachiwirizi ndi zomwe zimamveka m'mabala ndi m'ma saluni monse, aliyense amazidziwa, koma zimakoma mwina ukadutsa kaye mbali yoyamba ija. Anazisanja dala choncho. Chimodzimodzi What's Going On cha Marvin Gaye cha 1971, chomwe chimakamba za munthu wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam n'kupeza kwawo zinthu zitasokonekera, mmenemo nyimbo zambiri anazilumikiza, ina isanathe inzake yalowa kale, moti ukachotsapo imodzi imathera m'malere ngati nsalu yong'amba ndi manja.

Za rumba sinditaya nthawi chifukwa tonse timazidziwa, ndingonena kuti Franco ndi TPOK Jazz amatha kukuyendetsa mphindi zambiri akungokamba nkhani mu Lingala, ine osamva olo liwu limodzi, magitala akungotakasa pang'onopang'ono, kenako mukafika pa sebene paja, gawo lovinira lomwe magitala amathamanga, ndi pomwe thupi limadzuka lokha. Wodumpha nyimbo pa sebene safikapo. Tuku Music cha Oliver Mtukudzi cha 1999 nachonso Chishona sindimva koma chisoni chake sichifuna womasulira, ndi ka chifuwa kake kaja kotsokomola pakati pa nyimbo.

Pali chimodzi chomwe chinandivuta kwambiri, Paranoid cha Black Sabbath cha 1970, chamba chomwe amati heavy metal. Malume ankati anapatsidwa ndi mzungu wina yemwe anamukweza popita ku Nkhata Bay. Nditangoiyika, amayi ena a mvano omwe amadikira bulauzi yawo anandiyang'ana n'kuti a telala, zimenezi ndi nyimbo kapena makina agaya miyala? Ndinachepetsa voliyumu koma sindinazimitse, lamulo ndi lamulo. Nyimbo ziwiri zoyamba mutu unandiwawa zoona. Yachitatu inandidabwitsa, phokoso lonse lija linazima, kunatsala ka ng'oma ka manja ndi mawu omveka ngati akuchokera pansi pa madzi, ofatsa kwambiri, moti ndinayang'ana ngati tepi ndi yomweyo. Mfana yemwe ndikumuphunzitsa kusoka anafufuza pa foni n'kundiuza kuti anyamatawo anali a ku Birmingham, mzinda wa mafakitale, ndipo woimba gitala, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina ku fakitale asanatchuke, n'kudzipangira tizivindikiro tovala kuzalako kuti apitirize kuimba. Ine amene ndimadyera zala ndinakhala chete. Sindinganame kuti ndinachikonda chimbalecho, sindikuganiza kuti ndidzachiyikanso kawirikawiri, koma phokoso lija ndinasiya kulitenga ngati misala, ndinamvamo zitsulo za kuntchito kwawo.

Kaseti yomwe inatha kwambiri mu katoni monse ndi ya Don Williams. Chikuto chinafufutika, pulasitiki inasweka pakona, ndipo tepi yake inadukapo malume n'kuilumikiza ndi ka selotepi kodula bwinobwino ndi lezala. Pali malo ena pa mbali yachiwiri pomwe mawu amanjenjemera chifukwa tepi inatanuka, kusonyeza kuti amabweza pamenepo mobwerezabwereza. Ndinaimitsa makina n'kumvetsera nyimbo imeneyo, ndikuwaona m'maganizo ali okha usiku mu Chikangawa, nkhungu ili tolo, thiraki ikukwera mtunda pa giya yoyamba, munthu wa mawu ofatsa uja akuwaperekeza. Malume sanali munthu woyankhula za mumtima mwake, ife timangowadziwa ngati munthu wobweretsa shuga ndi sopo. Tepi inadyedwa ndi wailesi tsiku limenelo, ndinaitulutsa mosamala n'kuikulunga ndi bolopeni ngati mmene ankachitira iwo, misozi ili m'maso. Nyimbo za country anthu amaziseka kuti ndi za madala, koma Amalawi tinazikonda pa chifukwa, zimakamba nkhani yomveka, ya banja, ya ulendo, ya kusowa kwanu.

Tsopano ndifike pa mfana uja, ndi mwana wa achemwali anga, ali ndi zaka 19. Iye nyimbo zake amakabenetsa mu memori kwa anyamata a makompyuta mtauni, mazanamazana nthawi imodzi, zina dzina la woimba lolakwika, zina DJ akukuwa dzina lake pakati pa nyimbo, ndipo chala chake sichichoka pa foni, nyimbo isanafike olo pa kolasi wadumpha kale. Tsiku lina ndinamufunsa kuti woimba amene umamukonda kwambiriyu chimbale chake dzina lake ndi chani, anandiyang'ana n'kuti ankolo, chimbale nde chani, nyimbo zimangotuluka imodziimodzi. Sindinamukalipire chifukwa sakunama. Tinapangana kuti iye amvera zanga zitatu, ine ndimvera zake zitatu, zonse mpaka kumapeto. Anandiikira amapiano a ku Joni. Poyamba ndimangomva chinthu chimodzi chikubwerezedwa, koma nditapirira ndinaona kuti nawonso anyamatawa amamanga pang'onopang'ono, kuika ichi, kuchotsa icho, kukudikiritsa dala mpaka ng'oma yakuya ija yomwe amati log drum igwe, ndipo ndinamuuza kuti mphwanga, izi ndi nzeru zomwe zija za Franco, kungoti zida ndi zina. Iye chomwe chinamugwira pa zanga ndi Matafale, pano amaimba yekha akamasita.

Ndi iyenso anandipezera pa intaneti chimbale cha akaidi a ku ndende ya Zomba, I Have No Everything Here, chomwe chinatuluka mu 2015 n'kusankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy ku America, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo. Tinyimbo tina ndi tatifupi kwambiri, mayi akungoimba yekha popanda chida chilichonse, mawu akunjenjemera. Kamodzi pakokha ungati sikanathe kupangidwa, koma ukamvera tonse motsatana umakhala ngati wayenda m'chipinda ndi chipinda. Ndinachita manyazi kuti anthu a kunja anachimvera n'kuchilemekeza, ine wa konkuno ndikuchimva patapita zaka. Chimodzimodzi Gasper Nali wa pa Nkhata Bay pompa, ndi babatoni wake wa waya umodzi woimba ndi botolo ndi kamtengo uku phazi likumenya ng'oma, ambiri timangomudziwa ndi ka vidiyo kamodzi ka pa Facebook basi.

Oimba achinyamata sindikuwada ayi, ndikumvetsa. Situdiyo ndi ndalama, vidiyo ndi ndalama, ndipo ukatulutsa nyimbo khumi ndi ziwiri mawa lake zili mu memori ya aliyense iwe osaona olo tambala, nde munthu amasankha kuponya imodzi n'kuona ngati igwire. Omveranso bandulo ndi yodula, sungauze mwana wasukulu kuti adawunilode chimbale chonse. Kale munthu umasunga ndalama n'kukagula kaseti, ndipo poti watulutsa ndalama umaimvera yonse mpaka nyimbo yomwe unkaida imasanduka yokondedwa. Pano zimenezo zinapita ndipo sindikunena kuti tibwerere ku makaseti. Koma ndikuopa kuti tikulera oimba omwe sadzayesedwa pa msoko wa mkati, ndi omvera omwe sadzadziwa kudikira.

Nde pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Pa tsamba lanu la zisangalalo mumalemba zambiri za yemwe wakwatira, yemwe wasiyana ndi mkazi, yemwe watukwanizana ndi mnzake pa Facebook, ndi za mashowo omwe akubwera. Tipatseniko ka kona kamodzi pa sabata komwe munthu akhale pansi, amvere chimbale chimodzi chonse, n'kutiuza m'Chichewa chomveka zomwe wamva, nyimbo iti yamugwira, iti yangodzaza malo, gitala waimba bwanji, mawu akukamba chani, osaopa kunena kuti apa m'bale wathu walakwitsa. Sabata ino chatsopano cha mwana wa ku Ndirande kapena ku Zolozolo, sabata ya mawa chakale, sabata inayo chakunja, olo cha chamba chomwe ambiri sitinachizolowere. Musamangopatsa atolankhani okha, lolani owerenga azitumiza, aphunzitsi, madalaivala, ana a ku Mzuni, amayi a kwaya, chifukwa aliyense amamva ndi khutu lake, zomwe ndinamva ine mwa Miles Davis wina sangamve choncho ndipo ndingakonde kuwerenga zake. A mawailesi nawonso, ola limodzi la usiku pa sabata silingawasaukitse, aike chimbale chimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, wowulutsa atiuze dzina ndi chaka kenako akhale chete, osamalowerera ndi moni wa kwa achimwene a ku Luwinga pakati pa nyimbo.

China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi zakale zathu. Mu katoni muja muli kaseti ya Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, banjo yake yolira ngati ikuyankhula, muli Robert Fumulani, muli Daniel Kachamba, koma zonse mawu ayamba kuzilala, zina nkhungu ya Mzuzu inalowamo zinachita nguwi. Mfana uja tinayesa kufufuza pa intaneti, timapeza nyimbo imodzi apa ina apo, zosamveka bwino, osadziwa kuti zinali pa chimbale chiti. A MBC omwe anajambula oimba ambiri akale, a COSOMA omwe amayang'anira za umwini wa nyimbo, ndi mabanja a oimbawa, atakhala pansi limodzi zimbalezi zikhoza kutulukanso mwadongosolo, ife n'kumagula olo pa foni, ndalama n'kumafika kwa ana awo. Ine ndingagule, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha.

Mu katoni mwatsala makaseti okwana mwezi ndi theka ngati ndipitirize chimodzi pa tsiku. Lamba wa mu wailesi wayamba kufooka, nyimbo zikumayenda mozengereza kumapeto kwa tepi, nde Loweruka ndipita nayo kwa okonza mawailesi ku msika akaione. Ya mawa ndaitulutsa kale, ilibe chikuto, ilibe dzina, malume anangolembapo ndi bolopeni yofiira kuti Tunduma, ndipo mfana uja wati afika molawirira kuti tidzaiyambe limodzi.

Telala wa ku Chibavi,
Mzuzu